Kusamukira ku Harvard, Yale kapena Princeton uli kale pa yunivesite ina

Wophunzira amene wayamba kale digiri pa yunivesite ina angathe kupempha malo ku Harvard, Yale kapena Stanford ku America n'kukamalizira komweko. Vuto ndi loti malowo ndi ochepa zedi. Ambiri amapezeka chifukwa wina wasiyira sukulu panjira, ndipo pa sukulu zimenezi osiya ndi owerengeka. Harvard pachaka imatenga osamuka osafika 20 mwa anthu oposa 1,000 ofunsira. Princeton inatseka khomo limeneli mu 1990 n'kudzalitsegulanso mu 2018, ndipo imayang'ana kwambiri amene anakhalapo asilikali, ochokera m'makoleji a zaka ziwiri ndi ana a m'mabanja osauka. Mwa sukulu za Ivy League, gulu la mayunivesite asanu ndi atatu otchuka a ku America, Cornell ndiyo yotakasukako, imatenga mazana angapo pachaka.

Nthawi ndiyo imagwetsa ambiri. Harvard ndi Yale zimafuna munthu amene podzafika akhale atamaliza chaka chimodzi koma asanapyole zaka ziwiri, chifukwa ayenera kuphunzira zaka ziwiri zathunthu pa sukulu yatsopanoyo. Mafomu amatseka pa 1 Malichi ku Harvard, Yale ndi Princeton, ndi pa 15 Malichi ku Stanford. Ndiye kuti wofunsira ali m'chaka choyamba amakhala ndi magiredi a semesita imodzi yokha, choncho zotsatira za ku sekondale zimalemerabe. Ngati anakukanani chaka chatha ndi mapepala omwewo, miyezi inayi siisintha zambiri.

Pamafunikanso makalata okuchitirani umboni ochokera kwa aphunzitsi a pa yunivesite, osati a ku sekondale okha. Pulofesa wophunzitsa anthu 300 m'holo imodzi sangakulembereni zogwira mtima ngati sanakuonenipo nkhope. Yambani kupita ku ofesi yake mu Seputembala, pa maola amene anaika kuti azicheza ndi ophunzira. Palinso fomu yotchedwa College Report, imene ofesi ya registrar kapena dean imasaina potsimikiza kuti mulibe mlandu ndipo maphunziro akuyenda. Imeneyi imachedwa m'maofesi, musaisiye mpaka sabata yomaliza.

Nkhani imene mumalemba yofotokoza chifukwa chosamukira ndiyo phata. Kunyoza sukulu imene muli kumangoonetsa kuti ndinu wodandaula, ndipo kufuna dzina lotchuka si chifukwa chimene angachimvere, makamaka ngati muli kale pa sukulu yapamwamba. Chomveka ndi cha maphunziro: mwapeza kuti mukufuna phunziro lakutilakuti, pamene mulipo kulibe dipatimenti yake, ndipo mwatenga kale makosi onse oyandikira amene alipo.

Mukalandiridwa, si makosi onse amene amawerengedwa. Kawirikawiri amafuna giredi ya C kapena kuposa, komanso kuti kosiyo ifanane ndi imene iwo amaphunzitsa. Makosi a ntchito zamanja kapena ophunzira pa intaneti nthawi zambiri sawerengedwa. Ku Columbia mudzapezanso makosi a Core Curriculum, amene wophunzira aliyense ayenera kutenga, akukudikirani. Sungani ndondomeko ya kosi iliyonse imene munapatsidwa poyamba semesita, chifukwa ndiyo amagwiritsa ntchito poyerekeza.

Ndalama nazo sizisamuka nanu. Thandizo la fizi limene muli nalo limatsalira pomwepo, ndipo muyenera kupemphanso mwatsopano, kawirikawiri kudzera pa fomu yofotokoza za chuma cha banja lanu yotchedwa CSS Profile. Sukulu zina, monga Brown, zimayang'ana ndalama zimene wosamuka akufunika kuthandizidwa zisanamulandire.

Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene ali kale ku America pa visa ya ophunzira yotchedwa F-1, sukulu yakale ndiyo imatumiza mbiri yake ya mu SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja) ku sukulu yatsopano, yomwe imatulutsa I-20 ina (chikalata chotsimikiza kuti ndi wophunzira wawo), ndipo makalasi ayenera kuyamba pasanathe miyezi isanu. Musapemphe tsiku lotumiza mbiriyo kalata yokulandirani ndi ya thandizo la ndalama zisanafike m'manja, chifukwa tsikulo likadutsa sukulu yakale siingathenso kuibweza yokha.

Ku Britain n'kosiyana. Oxford siilandira osamukira pakati pa digiri; wofuna kupitako amafunsira kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, pofika 15 Okutobala n'kukayambiranso chaka choyamba.