Mwana wochedwa kulankhula sanakhwimiridwe

Ndatopa kumva zoti mwana akamachedwa kulankhula, osayang'ana anthu m'maso, n'kumangozunguza chivindikiro cha botolo tsiku lonse, ndiye kuti makolo ake anamukhwimira kuti alemere. Zaka zonsezi, nkhani yake ndi yomweyi.

Zizindikiro zoterezi zimatha kukhala za autism. Ubongo wa mwanayo umakula mosiyana ndi wa anzake, ndipo mbali yaikulu imachokera ku chibadwa. Si ufiti, si katemera. Kawirikawiri zimaoneka mwana asanakwane zaka 3.

Mukakayikira, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu kaye, poti kusamva nakonso kumachedwetsa kulankhula. Wokuuzani za kukhwimayo mufunseni umboni. Kunyumba muzimulankhula mawu afupiafupi mukumuonetsa chinthucho, "kapu", "madzi", kenako mudikire ayankhe, ngakhale poloza chabe.

Zomwe simunatsimikize musatumize m'magulu a pafoni, mayi a mwanayo amawerenganso.