Kukhazikitsa Khonsolo Yolangiza ya Ogwira Ntchito pa Yunivesite: Mafunso ndi Mayankho

Yunivesite ili kale ndi Khonsolo ndi Seneti. Nanga khonsolo yolangiza ndi yachiyani?

Pa mayunivesite aboma monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, Khonsolo yaikulu imayang'anira chuma ndi kayendetsedwe ka sukulu, Seneti imaona za maphunziro. Aphunzitsi mawu awo amafika ku Seneti. Koma mlembi wa ku ofesi ya rejisitara, katswiri wa mu labotale, dalaivala, wokonza mipope ndi magetsi, ambiri a iwo amangoona chikalata chitamatidwa pa bolodi, nkhani itatha kale. Khonsolo yolangiza ndi bwalo lawo: amasankha anzawo kuti azikumana ndi akuluakulu ndi kupereka maganizo mfundo isanakhazikitsidwe. Ku America mabwalo otere ndi ofala. University of California, yomwe ili ndi masukulu 10, inayamba bwalo lophatikiza ogwira ntchito ake mu 1974.

Kodi si yuniyoni yomweyo yangosintha dzina?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Yuniyoni imalembetsedwa pansi pa lamulo la Labour Relations Act la 1996, imakambirana za malipiro ndi mgwirizano wa ntchito, ndipo imatha kuitanitsa sitiraka potsata ndondomeko. Khonsolo yolangiza ilibe mphamvu zimenezo. Yake ndi nkhani ngati basi ya antchito, maphunziro owonjezera luso, chitetezo mu labotale, ndondomeko ya tchuthi, zimbudzi zopanda madzi. Lembani malire amenewa m'malamulo ake, ndipo kumanani ndi atsogoleri a yuniyoni musanachite china chilichonse. Akaona ngati akuluakulu akupanga bungwe lowafooketsa, khonsoloyo idzafa isanakwawe.

Tiyambire pati?

Sankhani kagulu koyambitsa ka anthu 5 mpaka 7 ochokera m'madipatimenti osiyana, osati onse a ku ofesi yaikulu. Kagulu aka kazungulire kumva maganizo, kuphatikizapo a shifiti ya usiku, kenaka kalembe kalata kwa Vice Chancellor, mkulu wa yunivesite, kudzera kwa rejisitara. Kalatayo ifotokoze cholinga, anthu oimiridwa, ndi zimene mukupempha. Chilolezo chibwere cholembedwa ndi kusainidwa. Mawu apakamwa amapita ndi mwini wake akachoka pa mpando.

Zikatero lembani malamulo a khonsolo, muwapereke kwa antchito onse kwa masabata awiri kapena atatu kuti athirepo ndemanga, kenaka chisankho. Ntchito yonse ikhoza kutenga miyezi 4 mpaka 6. Kagulu koyambitsa kathe chisankho chikangochitika.

M'malamulomo mukhale chiyani?

Choyamba, ndani ali membala. Kodi a kontirakiti ya chaka chimodzi alimo? Nanga alonda ndi okolopa omwe amalembedwa ndi kampani yakunja? Iwowa bwana wawo ndi wina, choncho kuvota kungavute, koma ife tikuona kuti ndi bwino kuwasiyira mpando umodzi womvera ndi kulankhula, poti ndi iwo amadziwa chitseko chimene sichikhoma ndi getsi limene linafa kalekale.

Chachiwiri, kagawidwe ka mipando. Nthumwi imodzi pa antchito 40 kapena 50 imakwana, ndipo onse pamodzi asapitirire 20, chifukwa kupyola apo msonkhano umasanduka chimpwirikiti. Gawani mipando potengera dipatimenti komanso giredi. Mukangoti aliyense avotere amene akumufuna, amapambana ndi a maofesi okhala ndi kompyuta ndi imelo, a ku khitchini ndi ku galaja n'kutsala. Yunivesite ya masukulu angapo, ngati LUANAR yomwe ili ku Bunda ndi ku Natural Resources College (NRC), ipatse sukulu iliyonse mipando yake.

Chachitatu, nthawi ya pa mpando: zaka 2, osapitirira maulendo awiri otsatizana. Pa chisankho choyamba theka la nthumwi likhale chaka chimodzi chokha, kuti onse asamachoke tsiku limodzi n'kusiya atsopano osadziwa pamene nkhani zinalekezera. Voti ikhale yachinsinsi, ya pepala m'bokosi kwa amene sagwiritsa ntchito intaneti. Wapampando, wachiwiri wake ndi mlembi asankhidwe ndi nthumwi zokhazokha. Mkulu wa za antchito akhoza kukhala nawo pa misonkhano, koma asavote.

Pamafunika ndalama zingati?

Zochepa: mapepala, chipinda, thiransipoti ya ochokera ku sukulu ina. Chachikulu ndi nthawi. Pemphani maola 3 kapena 4 pa mwezi m'nthawi ya ntchito, ndipo kalata ipite kwa kapitawo wa nthumwi iliyonse. Popanda kalatayo dalaivala adzatumizidwa ku Lilongwe tsiku la msonkhano, ndipo sangakane. Za ma alawansi a pa msonkhano zisiyeni, zimakopa ofuna envelopu.

Nanga akuluakulu akamangomva koma osachitapo kanthu?

Iyi ndiyo nthenda imene imapha makhonsolo ambiri. Mankhwala ake alembedwe m'chilolezo chomwe chija: langizo lililonse lipite lolembedwa, lokhala ndi nambala ndi tsiku, ndipo yankho libwere lolembedwa pasanathe masiku 30, ngakhale likhale lokana, bola lipereke chifukwa. Khonsolo izikumana mwezi uliwonse, ndipo izikumana ndi Vice Chancellor kamodzi pa semesita. Mlembi asunge kaundula wa zimene zinapemphedwa, zimene zinayankhidwa ndi zimene zikudikira, n'kumaumata pa bolodi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kapenanso m'Chitumbuka kumene chikufunika.

Wina akabwera ndi dandaulo lake la iye yekha?

Mlandu wa munthu mmodzi, monga kuimitsidwa ntchito kapena kuchitidwa nkhanza, usakambidwe pa msonkhano. Nthumwi imulondolere ku ofesi ya za antchito kapena ku yuniyoni, ndipo zikakanika kuli khoti la Industrial Relations Court. Koma anthu asanu akadandaula chinthu chimodzimodzi, monga kuchedwa kwa mayankho a pempho la tchuthi, chotsanimo mayina, nkhaniyo ilowe pa ajenda ya mwezi wotsatira.