Agogo Akakhala Chete Sindiye Kuti Sakumva Kuwawa

Uthengawu ukupita kwa anamwino, osamalira anthu m'nyumba zosungirako okalamba, ndi achibale amene mumabwera kudzazonda makolo anu. Ukunena za ululu wa m'malo olumikizana mafupa, makamaka kwa agogo amene akudwala matenda oiwalaiwala, aja a dementia. Pali mawu amene tikuwamva pafupipafupi, ndipo atikwana: "Akanakhala kuti akumva kuwawa, bwenzi atanena." Anene bwanji munthu amene mawu anamuthawa?

Zoyambitsa tingozidutsa mwachangu. Nyamakazi imene imasautsa okalamba ambiri ndi ija madokotala amati osteoarthritis. Mnofu woterera wokuta nsonga za mafupa umaperepeseka, mafupa n'kuyamba kukhulana. Imakonda mawondo, chiuno, zala ndi msana. Bungwe la World Health Organization likuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo 73 pa anthu 100 alionse anali opitirira zaka 55. Palinso nyamakazi yotupitsa imene imabwera chitetezo cha m'thupi chikayamba kuukira thupi lomwelo, ndi ya gout imene imagwira mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku, pachala chachikulu chakuphazi. Kunenepa kwambiri, kuvulala kwakale ndi kugona pabedi masiku ambiri osasuntha zimakulitsa vutoli.

Dementia imawononga kukumbukira ndi kulankhula, koma bondo sichiritsa. Bondo limene agogo ankadandaula nalo zaka 10 zapitazo likuwapwetekabe lero.

Taganizani za m'mawa, nthawi yosamba. Wosamalira alowa m'chipinda: "Agogo, dzukani tikasambe." Awagwira mkono kuti awadzutse. Agogo akwinya nkhope, akukuta mano, amenya dzanja lija, mwinanso kuluma kumene. M'buku mulembedwa kuti "lero avuta, akana kusamba." Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Sabata isanathe, wina wayamba kale kupempha dokotala mankhwala owakhazika mtima pansi. Phewa limene lakhala likukokedwa m'mawa uliwonse palibe waliyang'ana.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yathu yonse. Kukuwa, kumenya, kukana chakudya, kuzungulirazungulira usiku, timathamangira kunena kuti "ndi mutu, matenda akula." Nthawi zina ndi zoona. Koma ku Norway anachita kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2011, pa okalamba 352 a m'nyumba 18 zosungirako okalamba, onse a dementia komanso osakhazikika. Gulu lina linapatsidwa mankhwala opha ululu mwandondomeko kwa masabata 8, ambiri panado chabe. Kusakhazikika kuja kunachepa, ndipo mankhwala atasiyidwa kunayambanso kubwerera. Mankhwala okhazika mtima pansi aja, a gulu la haloperidol ndi risperidone, amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ngakhale imfa kwa okalamba a dementia, ndipo mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linayamba kuchenjeza za ngoziyi. Kugoneka munthu ndi mankhwala otere chiuno chikumupweteka ndi kumutseka pakamwa basi. Musanapemphe mankhwalawa, fufuzani kaye ululu.

Kufufuza kwake sikufuna makina. Muziwayang'ana agogo pamene akusuntha: powadzutsa, powaveka, powatembenuza pabedi, poimirira kuchoka pampando. Munthu wogona phee mungamuyese kuti ali bwino. Pali chipepala chowunikira chotchedwa PAINAD chimene chimayang'ana zinthu zisanu: kapumidwe, kubuula kapena kulira, nkhope, mmene thupi laumira kapena kudzikunga, ndiponso ngati munthuyo akutonthozeka mukamulankhula kapena kumugwira. Chilichonse mumachipatsa 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi sizipitirira 10. Lembani zimene mwaona ndi nthawi yake. "Avuta" sikuthandiza dokotala. "Amakuwa tikakweza mkono wamanja poveka malaya" kumamuthandiza.

Kufunsa musasiye, koma mafunso akhale afupiafupi. Gwirani bondo mofatsa n'kunena kuti, "Agogo, pano pakupweteka?" Akayankha kuti "ndili bwino," musangokhulupirira n'kutuluka. Ululu umene anamva mphindi 10 zapitazo angakhale atauiwala kale. Ndipo ngakhale okalamba amene mutu wawo uli bwinobwino amabisa, poopa kutopetsa anthu, kapena poganiza kuti ndi ukalamba basi. Mawu akuti "ndi ukalamba" amenewa asatuluke pakamwa pa wosamalira.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku lobwera dokotala. Malo olumikizana mafupa akatupa mwadzidzidzi, kutentha ndi kufiira, mwina mwalowa tizilombo, ndipo tingawononge malowo m'masiku ochepa. Dziwani kuti wokalamba akhoza kukhala ndi matenda otere thupi osatentha n'komwe. Agogo amene dzulo ankayenda lero akakana kuponda, kapena mwendo umodzi ukaoneka waufupi phazi litagwera kunja, ganizani za kuthyoka kwa fupa la m'chiuno. Musanene kuti "sanagwe." Mwina anagwa usiku, palibe anaona, ndipo iwo sakukumbuka. Kusokonezeka mutu kwadzidzidzi kuposa masiku onse, kapena kuwodzera kwachilendo, nakonso n'kofunika kuitana dokotala tsiku lomwelo.

Za mankhwala, chonde tamverani. Ambiri amalembedwa kuti "apatsidwe akafuna." Kwa munthu wosatha kupempha, zimenezi zikutanthauza kuti sadzapatsidwa. Kambiranani ndi dokotala kuti ngati ululu wapezeka, mankhwala aziperekedwa pa nthawi yoikika, ndipo kusamba kapena kuyenda kuzichitika atayamba kugwira ntchito m'thupi. Pakapita masiku angapo, onaninso ngati khalidwe lasintha. Panado naye ali ndi malire: wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, ndipo wofooka kapena wosakwana makilogalamu 50 amafunika wocheperapo. Mankhwala ambiri achimfine ali ndi panado mkati, choncho kuphatikiza kungawononge chiwindi. Ibuprofen ndi diclofenac wakumwa ndi oopsa kwa okalamba: amayambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba, amafooketsa impso, ndipo amakulitsa matenda a mtima. Achibale, musabweretse mapiritsi m'chikwama n'kumwetsa agogo mobisa. Tikudziwa kuti mumachita chifukwa cha chikondi, koma namwino sangateteze munthu ku mankhwala amene sakudziwa kuti wamwa. Ibuprofen kapena diclofenac wopaka pabondo kapena pazala ndi wabwinoko, komabe funsani kaye. Amene akumwa mankhwala amphamvu monga morphine, muziwayang'anira pa kudzimbidwa ndi kugwa.

Kuwagoneka tsiku lonse "kuti apume" kumaumitsa mawondo, minofu n'kufota, mpaka mwendo osawongokanso. Ayende pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndi ndodo kapena chogwirira chowayenera, atavala nsapato zosaterera. Nsalu yofunda pabondo imathandiza, koma muyambe mwaiyesa pakhungu lanu, chifukwa iwo sadzanena kuti ikuotcha. Powadzutsa musakoke mkono. Auzeni kaye chimene mukufuna kuchita, muwachirikize kumsana, muwapatse nthawi.

Inu achibale muli ndi chinthu chimene ife tilibe. Mukudziwa bondo limene ankalisisita madzulo, ngozi imene anachita kalekale, mawu amene ankanena zikawapweteka. Uzani namwino zonsezi, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa m'faelo yawo. Mukabwera kudzazonda n'kumva kuti "masiku ano akuvuta," funsani pomwepo kuti ululu anawayeza liti, ndipo anawayeza akusuntha kapena atagona.