Kapanidwe ka timipeni pocheka maluwa ndi tupa

Anyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito yosula pa shedi yanga ku Kasungu amafulumira kufunsa za tupa yoyenera kugula, koma chimene chimawononga maluwa a pamsana pa mpeni (timizere ndi timaenje tokongoletsa tochekedwa ndi tupa) kawirikawiri ndi kapanidwe ka mpeniwo. Kampeni kotalika masentimita 6 kapena 8, monga kamene alimi amalumikizira mbande za mango, kamavuta kugwira kuposa chikwanje, chifukwa malo opana ndi ochepa, ndiponso chitsulo chake n'chokhuthala kumsana koma chopyapyala kuthwa kwake.

Vuto lagona pa mawonekedwe amenewa. Milomo ya vayisi (chipangizo chopanira chitsulo) ndi yowongoka, choncho imangoluma pamene pali pokhuthala, mbali yotsalayo n'kumalendewera. Tupa ikangokankha, kampeni kamapendama. Wophunzira akaona zimenezi amamangitsa vayisi ndi mphamvu zake zonse, ndipo mano a vayisi amadinda zipsera pachitsulo zimene zimadya tsiku lathunthu kuti zichoke ndi sandipepala. Kumbukirani kuti maluwa amachekedwa chitsulo chikadali chofewa, chisanalimbitsidwe mu oyilo, pakuti pa chitsulo cholimbitsidwa tupa imangoterereka. Ife osula mipeni kuchokera ku masipuling'i a galimoto ogula m'magalaja a m'mbali mwa msewu wa M1 timachita kuwotcha chitsulo mpaka maginito atasiya kuchikoka, kenako n'kuchikwirira m'phulusa usiku wonse kuti chizizire pang'onopang'ono. Chitsulo chofewa motero sichichedwa kudindika kapena kupindika.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya timatabwa tiwiri ta mlombwa kapena mtengo wina wolimba. Mkati mwa kathabwa kalikonse mumatemo chikopa kapena mphira wa chubu chakutha cha njinga, ndipo musepe timatabwato mopendeketsa pang'ono kuti titsatire kupyapyala kwa mpeni. Mukatero, mpeni umagwidwa thupi lonse, ndipo vayisi imangofunika kumangidwa pang'ono. Ena amapinda kachitsulo ka aluminiyamu ka poto wakutha n'kuveka milomo ya vayisi. Zimateteza ku zipsera, inde, koma kupendama kuja sizikuthetsa.

Msana wa mpeni utuluke pamwamba pa timatabwa ndi mamilimita 3 mpaka 5 okha. Ukatuluka kwambiri umanjenjemera, tupa imalira mokwiyitsa makutu, ndipo mzere wochekedwa umakhala ndi timabampu. Khutu limazindikira msanga kuposa diso: kulira kukayamba, imani ndipo tsitsani mpeniwo. Popeza msana umapendekera kunsonga, mudzafunika kumasula ndi kupananso kawiri kapena katatu, choncho lembani malo onse ocheka ndi cholembera chosafufutika musanayambe, kuti mipata isasokonekere.

Amene alibe vayisi asataye mtima. Ngati mwaboola kale mabowo a misomali ya chigwiriro, mangirirani mpeni ndi masikuluwu m'mbali mwa chipika cholemera, msana utayang'ana kumwamba, ndipo kunsonga mupanikize ndi kathabwa kokhomera. Chimene ndimakaniza kwamtuwagalu ndicho kugwira kampeni ndi pulayala dzanja limodzi, lina likucheka. Ndinachitapo ndili mnyamata, ndipo chipsera chake chikadali pa chala changa chachikulu.

Pocheka, gwirani tupa ndi manja awiri, ndipo muzikanikiza pokankha pokha, chifukwa mano ake sadula pobwerera. Tupa yozungulira yonolera tcheni cha makina ochekera matabwa, ya mamilimita 4, imatulutsa timaenje tosalala, pamene ya ngodya zitatu imacheka timizere tosongoka. Timizere timeneti musatizamitse, makamaka pafupi ndi pamene mpeni ukumana ndi chigwiriro, chifukwa mng'alu umayambira pa ngodya yakuthwa chitsulo chikamizidwa mu oyilo. Kuthwa kwa mpeni kukulungeni ndi tepi ngakhale simunanole, ndipo pakani choko pa tupa kuti tizidutswa ta chitsulo tisamatirire m'mano ake n'kukanda ntchito yanu.