Nyumba nambala 60 pa msewu wa Andrássy ndi mkangano wa zipinda zake

Pa 25 Febuluwale chaka chilichonse anthu a ku Hungary amakumbukira anzawo amene anazunzidwa ndi boma la chikomyunizimu, ndipo ambiri amakayatsa makandulo m'mphepete mwa khoma la nyumba nambala 60 pa msewu wa Andrássy ku Budapest. Ndi tsiku limene, mu 1947, asilikali a Soviet Union anagwira Béla Kovács, mlembi wamkulu wa chipani cha alimi ang'onoang'ono. Nyumbayo lero ndi myuziyamu yotchedwa Terror Háza, kutanthauza nyumba ya zoopsa, ndipo chikumbutso chikafika mkangano wake umadzukanso: kodi magulu awiri a ankhanza amene anakhalamo, chipani cha Arrow Cross chogwirizana ndi Hitler ndi apolisi achinsinsi a chikomyunizimu, myuziyamu inawagawira malo mwachilungamo?

Anaitsegula pa 24 Febuluwale 2002, kutatsala masabata ochepa kuti boma loyamba la Viktor Orbán lipite ku chisankho, chomwe linaluza. Mkulu wake, Mária Schmidt, anali mlangizi wa Orbán yemweyo, choncho otsutsa sanachedwe kunena kuti iyi ndi kampeni basi.

Koma wolowamo satuluka ali chimodzimodzi. Pakati pa nyumba pali kasinja wa Soviet Union, kumbuyo kwake khoma lodzaza nkhope za ozunzidwa. Chipinda china anachimanga ndi zinthu zooneka ngati zibuma za mafuta a nkhumba, kukumbutsa zokolola zimene alimi ankakakamizidwa kupereka ku boma. Kenako chikepe chimakutsitsa pang'onopang'ono kupita ku zitokosi za pansi, uku pa kanema bambo wina akufotokoza mmene akaidi ankanyongedwera. Zitokosizo ndi zomanganso potsatira zimene opulumuka anakumbukira, poti nyumbayo inasinthidwa apolisi achinsinsi atachokamo.

Vuto lili pa miyezi khumi ndi iwiri yoyambira mu Malichi 1944. Pa 19 mwezi umenewo asilikali a Germany analowa mu Hungary, koma mtsogoleri wa dzikolo, Miklós Horthy, sanachoke pampando, ndipo anaika Döme Sztójay kukhala nduna yaikulu. Kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 9 Julaye, Ayuda oposa 430,000 anakwezedwa sitima, pafupifupi onse kupita ku msasa wophera anthu wa Auschwitz. Edmund Veesenmayer, nthumwi ya Hitler ku Budapest, analemba kuti anali 437,402. László Ferenczy wa polisi ya Hungary analemba 434,351. Kusiyana kwake ndi kochepa, ndipo onse awiri anali mbali ya ochita zoipazo, analibe chifukwa chonamizira boma lawo. Amene ankasonkhanitsa anthu m'midzi n'kuwapanikiza m'mabogi anali apolisi ndi akalaliki a boma la Hungary.

Chipani cha Arrow Cross cha Ferenc Szálasi, chomwe likulu lake linali m'nyumba ino, chinatenga boma mu Okutobala, sitimazo zitapita kale. Anyamata ake ankaombera Ayuda m'mphepete mwa mtsinje wa Danube n'kuwagwetsera m'madzi. Chiwerengero chawo olemba mbiri sagwirizana, poti opha sankalemba kaundula. Mu Febuluwale 1945 Budapest yonse inagwa m'manja mwa asilikali a Stalin, ndipo Gábor Péter, yemwe kale anali telala, analowa m'nyumba yomweyo ndi apolisi ake a ndale, amene pambuyo pake anadzatchedwa ÁVH.

Myuziyamu inapatsa Arrow Cross zipinda zochepa chabe, zotsala zonse n'kupatsa chikomyunizimu. Oyiikira kumbuyo amati Arrow Cross inalamula miyezi yowerengeka pomwe achikomyunizimu analamula zaka zoposa 40, komanso kuti Budapest ili ndi malo ena okumbukira Ayuda, omwe anatsegulidwa mu 2004 pa msewu wa Páva. Mfundoyi ndi yomveka ndithu. Komabe nkhani ikayambira pa nyumbayi ndi eni ake awiri, chilimwe cha 1944 chimagwera panja, ndipo mlendo amatuluka akuganiza kuti zoipa zonse zinabwera ndi Berlin ndi Moscow.

Za zaka za János Kádár, mtsogoleri wa chikomyunizimu wa pambuyo pake, pomwe nkhanza zinachepa ndipo m'masitolo munkapezeka nyama, myuziyamu sichedwapo. Mafayilo ena a apolisi achinsinsi nawonso anawonongedwa chakumapeto kwa 1989, ndiye pali mayina amene sadzadziwikanso.

Péter mwiniwake, anzake omwe anamumanga mu 1953, anatuluka mu 1959, nagwira ntchito mu laibulale. Anamwalira ku Budapest mu 1993, boma latsopano lolowa m'malo mwa chikomyunizimu lisanamuzenge mlandu.