Zipolopolo Zosatha: Makodi Obera mu Resident Evil

Amene anasewerako gemu ya Resident Evil pa PlayStation yoyamba ija akukumbukira chitseko chathabwa chimene chinkatseguka pang'onopang'ono mumdima, chikulira kuti kwiii. Ambiri ankaganiza kuti a Capcom, kampani imene inapanga gemuyi, anangochiikamo kuti atiopseze. Komatu makinawo anali ndi memori ya 2 MB yokha, ndiye nthawi imene chitsekocho chikutseguka, ankakhala akuwerenga chipinda chotsatira kuchokera pa CD. Ife olemba mapulogalamu timadziwa kuti apa ankabisa chilema cha makina, koma anachibisa mwaluso moti chinasanduka choopsezera.

Resident Evil inatuluka mu 1996 motsogoleredwa ndi Shinji Mikami, ndipo ku Japan imatchedwa Biohazard. Apolisi a gulu la S.T.A.R.S. atsekerezedwa m'chinyumba cha m'mapiri a Arklay, kufupi ndi Raccoon City, momwe mitembo ikuyendayenda. Si ndondocha za kwa mfiti ayi, ndi kachilombo kopangidwa ndi kampani ya Umbrella.

Mitemboyo payokha sioopsa kwenikweni, imayenda ngati yaledzera. Chimene chimakuthyola m'nkhongono ndi kuwerengera. Mwa apolisi awiri amene umasankhapo posewera, Jill Valentine amanyamula zinthu 8 basi, Chris Redfield 6. Makiyi, mfuti, masamba ochiritsa mabala ndi zipolopolo, zonsezi zimalimbirana timalo tomweto. Kuti useve pomwe wafika, uyenera kupeza taipilaita komanso kukhala ndi riboni ya inki, ndipo maliboniwo ndi owerengeka. Umapezeka waima pakhonde ndi zipolopolo zinayi, kutsogolo kukumveka kubuula, iwe mutu uli pa masamu: ndiwombere, kapena ndizembe cha kukhoma?

Makodi obera, aja olemba kuti ukhale ndi zinthu ngati zipolopolo zosatha, amapha masamu amenewa. Masiku amenewo kunali kachipangizo kotchedwa GameShark kapena Action Replay, kamene kankalowetsedwa kumbuyo kwa PlayStation. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Chiwerengero cha zipolopolo ndi nambala chabe yosungidwa pamalo ena ake mu memori. Ukawombera, gemu imachotserapo chimodzi. Makodi amene umalemba aja amakhala ndi magawo awiri: adiresi ya malowo, ndi nambala yoti ikhalepo. Kachipangizoko kamangobwezera nambala yomweyo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ngati munthu wodzazira mtsuko uku mnzake akutunga. Ukalakwitsa adiresi, umalemba pamalo osayenera, gemu n'kuuma pomwepo. Sony inadzachotsa polowetsera paja m'makina amene inapanga pambuyo pake.

Ndinayesapo, ndipo ndinene zoona: kukoma kwake kunali kwa kanthawi. Chinyumba chija chinasanduka bwalo loyesera mfuti.

A Capcom ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake chida chachikulu, mfuti ya maroketi osatha, anachipereka kwa yekhayo wotsiriza gemu yonse maola atatu asanakwane. Munthu wotereyo waloweza kale chipinda chilichonse, akudziwa kuti agalu adumphira pa windo liti, mantha anamuthera kalekale. Roketiyo ndi malipiro a thukuta lake. Mu Resident Evil 2 ya 1998, imene anatsogolera Hideki Kamiya, anachita kuwonjeza nthabwala: akatswiri enieni ankatsegula mwayi wosewera ngati Tofu, chibuluma choyera cha chakudya cha soya choyenda ndi mpeni wokhawokha pakati pa mitembo. Mphoto ya kupambana inali gemu yovuta kuposa yoyamba.

Malire a maola atatu aja anaphunzitsa anthu kusewera akuyang'ana wotchi, ndipo mpaka lero pa YouTube ndi Twitch pali opikisana kutsiriza msanga, ena osawombera pokhapokha zitavuta. Dzina loti survival horror, kutanthauza masewera oopsa amene cholinga chake n'kungopulumuka, linafala chifukwa cha gemu imeneyi, ngakhale kuti Alone in the Dark ya 1992 inali itasonyeza kale njira. Resident Evil 4 ya 2005 inachulutsa zipolopolo ndi kuwomberana, koma Resident Evil 7 ya 2017 inabwerera kunyumba imodzi ndi thumba lopanikiza.

Atakonzanso Resident Evil 2 mu 2019, maliboni a inki anabwerera kwa osankha mlingo wovutitsitsa, ndipo mfuti zosatha zinakhalabe mphoto ya aliwiro. Chachilendo n'chakuti pasanapite nthawi, a Capcom anayamba kugulitsa pa intaneti kiyi wotsegulira mphoto zonsezo kamodzin'kamodzi, Tofu yemwe, kwa aliyense wolipira madola ochepa.