Khanda la ku chigwa cha Shire silifuna madzi ngakhale kutenthe bwanji

Dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula, nkhani imamveka pamjigo ndi pamsika yakuti mwana wa miyezi iwiri kapena itatu azimwetsedwa madzi, ati chifukwa bere lokha silingathetse ludzu kuno kotentha. Ena amafika ponena kuti alangizi a zaumoyo amangobwereza malangizo oyenera anthu a kumapiri kozizira.

Zimenezi n'zabodza. Magawo oposa 80 pa 100 alionse a mkaka wa m'mawere ndi madzi, ndipo umene umayamba kutuluka mwana akangogwira bere ndiwo wamadzimadzi kwambiri. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amati mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6, ngakhale kumadera otentha.

Kamimba ka khanda n'kakang'ono. Kakadzaza madzi, mwana amayamwa pang'ono, mkaka wa mayi n'kuyamba kuchepa, kusikelo osakwera. Choopsa kwambiri ndi madziwo. A mu Shire kapena a pachitsime chosatetezedwa, makamaka madzi akasefukira, amabweretsa matenda otsekula m'mimba, omwe amafooketsa khanda msangamsanga.

Agogo akamadandaula poona mdzukulu ali thukuta kamukamu, n'chikondi ndithu. Koma agogo, madziwo apatseni amake a mwana, amwe mokwanira ndi kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku. Mwana akamakodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo patsiku, ndiye kuti mkaka ukumukwanira. Akakwanitsa miyezi 6, muyambitseni phala la mapira lothira nsinjiro ndi madzi owiritsa, kwinaku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira.